Windows ikakana laisensi, musathamangire kufomata

Pa misonkhano ya m'mahotela, pa maphunziro a ogwira ntchito, ngakhale m'matchalitchi momwe nyimbo zimaonetsedwa pakhoma, pamakhala timalemba totuwa pakona ya m'munsi, kudzanja lamanja kwa sikirini: Activate Windows. Wolankhula amangopitiriza kufotokoza za bajeti, omvera anazolowera kale, palibe amene amafunsa. Kuofesi nako n'chimodzimodzi. Kalemboko kamatha miyezi anthu akungokalambalala, mpaka tsiku limene wa maakaunti adzayatse kompyuta n'kupeza uthenga woti laisensi yatsala pang'ono kutha, Word ndi Excel nazo zatulutsa mzere wofiira pamwamba, pomwe malipoti a mwezi akufunika mawa m'mawa.

Apa m'pamene amaitana wa IT, kapena mnyamata wa kushopu ya makompyuta ngati ofesiyo ilibe wake. Zimene amachita akafika ndi ziwiri. Mwina afomata kompyuta yonse n'kuyambiranso, mwina atulutsa fulashi m'thumba n'kulowetsa kapulogalamu kamene kamachotsa kalemboko mphindi imodzi isanathe. Njira yoyambayo imadya tsiku lathunthu, nthawi zina pa vuto limene likanatha ndi kabatire kochepa ngati kobiri. Yachiwiriyo imakwirira vutolo n'kuitanirapo lina lalikulu. Chonsecho kompyutayo imakhala itanena kale chimene chalakwika, kungoti imanena m'manambala, ndipo ambiri salabadira kuwawerenga.

Microsoft inayamba kukakamiza anthu kutsimikizira laisensi pa Windows XP, mu 2001. Ukaika XP unkapatsidwa masiku 30 oti kiyi yako, ya zilembo ndi manambala 25, ikaonekere kwa eni ake pa intaneti kapena pafoni, ndipo kiyiyo inkamangirizidwa ku zipangizo za m'kati mwa kompyutayo. Makampani akuluakulu okha ndiwo ankapatsidwa makiyi osafuna zonsezi, ndipo sipanatenge nthawi makiyi amenewo anatayikira kunja n'kufalikira dziko lonse lapansi. Pa Windows Vista mpatawo unatsekedwa: kaya ndi munthu wamba, kaya ndi banki ya makompyuta masauzande, aliyense ayenera kutsimikizira. Kuchokera pamenepo funso limene Windows imafunsa silinasinthe kwenikweni. Imafuna kudziwa ngati mtundu wa Windows umene uli pa kompyutayi uli ndi chilolezo chokhala pa kompyuta imeneyi, ndipo ndani angavomereze zimenezo.

Wovomerezayo amasiyana malinga ndi mmene laisensi inagulidwira, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse.

Kompyuta yatsopano ya Dell, HP kapena Lenovo kawirikawiri imabwera ndi laisensi yake yochokera kufakitale, imene amaitcha OEM. Mpaka pa Windows 7 kiyi yake inkakhala pa kasitika kokongola komata kunsi kwa laputopu kapena m'mbali mwa bokosi, ndipo kasitikako kankafufutika ndi thukuta la pamiyendo. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, kiyiyo imalembedwa m'kati mwa bodi yeniyeniyo, moti simungaione ndi maso. Laisensi imeneyi imafa pamodzi ndi kompyuta yake, sisamutsidwa. Imene imagulidwa payokha, ya retail, ndiyo imasamutsika, bola ikhale pa kompyuta imodzi nthawi imodzi. Ndiyeno mu 2015, Windows 10 itatuluka, kunabwera laisensi yopanda kiyi yolemba pamanja: maseva a Microsoft amangosunga chizindikiro cha zipangizo za kompyuta yanu, ndipo mukaikanso Windows ya mtundu womwewo n'kulumikiza intaneti, imakuzindikirani yokha.

Maofesi akuluakulu amagula mwa chipiku, ndipo amasankha pakati pa MAK ndi KMS. MAK ndi kiyi imodzi imene imaloledwa kugwira ntchito maulendo owerengeka. Kompyuta iliyonse ikatsimikizira, nambala imatsika, ndipo amene amakonda kufomata ndiye amaimaliza msanga. KMS ndi ina. Ofesi imakhala ndi seva yakeyake imene imavomereza makompyuta a pa netiweki yake, ndipo chivomerezocho chimakhala cha masiku 180 okha. Kompyuta ya pa KMS ili ngati munthu wa pa belo amene amakasaina kupolisi: masiku 7 alionse imakaonekera ku seva, ikapezeka, masiku 180 aja amayambiranso kuwerengedwa. Ikalephera kukaonekera sipachitika kanthu msanga, imangoyeserabe mwakachetechete. Koma miyezi 6 ikakwana isanasaine, belo yatha.

Sungani nambala imeneyo, 180, chifukwa ndi imene imalongosola madandaulo ambiri a m'maofesi athu.

Zimene kompyuta imaulula ikafunsidwa

Ndinaonerera ntchito yofunsa kompyuta mu ofesi ina yaing'ono ya ku Lilongwe, momwe makompyuta anayi ogulidwa pamodzi anayamba kudandaula sabata imodzi. Anali a kaunjika koma ooneka bwino, mabokosi akuda aang'ono aja amene amalowa pansi pa desiki. Mnyamata amene anaitanidwa sanatulutse fulashi. Anakokera mpando, n'kutsegula Command Prompt ndi mphamvu za administrator, n'kulemba mawu aafupi: slmgr /dlv. Patapita kamphindi panatuluka kabokosi koyera kodzaza mizere ya Chingerezi. Iye anangoloza chala pa mizere itatu. Wa pamwamba unkanena mtundu wa Windows: Enterprise. Wachiwiri unkathera ndi mawu akuti VOLUME_KMSCLIENT channel. Chakumunsi kunali dzina la seva imene inavomereza kompyutayo komaliza, dzina la kampani ina yakunja imene palibe mu ofesimo anali ataimvapo, ndi masiku otsala: 11.

"Madamu, makompyutawa munagula liti?"

"Chakumayambiriro kwa chaka, achimwene. Anabweretsa sapulaya, anati zonse ndi orijino."

"Pa invoisi analembapo za laisensi?"

Mayiwo anakatenga fayilo ku kabati. Pa invoisiyo panali dzina la kompyuta, kukula kwa RAM, ndi mawu oti Windows ndi yoikamo kale. Za laisensi panalibe ngakhale liwu limodzi.

Makompyuta otere amakhala atachoka m'maofesi a kunja osafufutidwa bwino, akadali ndi masiku otsala a chivomerezo cha kampani yawo yakale, kapena wogulitsa amakhala atawalozera ku seva ina ya pa intaneti kuti aoneke abwino tsiku loperekera katundu. Mulimonsemo, wogula amakhala ndi mtendere wa miyezi ingapo, ndipo vuto likamadzatuluka, cheke chinasinthidwa kalekale, walanti ya miyezi itatu inatha. Ofesi ya makompyuta anayi singakhale ndi KMS yake. Choncho mawu aja akuti VOLUME_KMSCLIENT akapezeka mu ofesi yaing'ono, nkhani si ya kompyuta yoonongeka ayi. Laisensiyo sinali yanu chiyambire.

Mnyamata uja sanalekere pomwepo, ndipo apa ndinamutayira kamtengo. Anatsegula PowerShell n'kufunsa ngati m'bodi muli kiyi ya kufakitale. Pali mzere wotchedwa OA3xOriginalProductKey umene umaionetsa ngati ilipo. Pa makompyuta atatu kiyi inatuluka, ya Windows 10 Pro. Ndiye kuti makompyutawo anali ndi laisensi yawo yeniyeni nthawi yonseyi, koma wina anaikwirira ndi Enterprise yosalipira. Anangolowetsa kiyi ya m'bodiyo pa Settings, pomwe pali Change product key, ndipo tiyi asanazizire atatuwo anali bwino, fayilo ngakhale imodzi osatayika. Yachinayi inalibe kanthu m'bodi. Imeneyo inafunika kugulira.

Lamulo la slmgr lili ndi abale ake ofunika kuwadziwa. Mukalemba slmgr /xpr, kompyuta imakuuzani mwachidule ngati chivomerezo chake n'chamuyaya kapena chidzatha tsiku lakutilakuti. Mukalemba slmgr /ato, imayesera kutsimikizira nthawi yomweyo, ndipo ikalephera imatulutsa nambala ya vutolo, yoyamba ndi 0x. Ijambuleni pafoni. Wa IT amene mwamuimbira kuti "kompyuta ikuvuta" sangakuthandizeni ali kutali, koma mukamuuza kuti yalemba 0xC004F074 amadziwa kale koyambira.

Wotchi, batire ndi magetsi

Chinthu choyamba kuyang'ana, nambala isanafufuzidwe n'komwe, ndi wotchi ya pakona. Anthu amaseka ukanena zimenezi, koma kutsimikizira laisensi kumadalira nthawi. Kompyuta ikamalankhula ndi maseva a Microsoft imayang'ana ziphaso zimene zili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo ngati iyo ikuganiza kuti tili mu 2012, imaziona ngati zabodza n'kudula kulankhulanako. Nambala imene imatuluka kawirikawiri ndi 0x80072F8F. Chizindikiro china n'chakuti Chrome nayo imayamba kukana masamba amene dzulo inkatsegula.

Chimene chimasunga nthawi kompyuta ikazima ndi kabatire kozungulira, kasiliva, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3, kamene kamakhala pabodi. Pa desktop ndi ntchito ya mphindi zochepa: kuzula chingwe cha magetsi, kumasula chivundikiro, kukankha kachitsulo kamene kamakagwira, kabatireko kamadumpha kokha, n'kuikapo katsopano mbali yolembedwayo ili m'mwamba. Kompyuta ikakhala pa magetsi, ngakhale itazimitsidwa, kabatireko kamapuma. Kamagwira ntchito magetsi akachokeratu. Ndiye taganizani za makompyuta athu: afika atagwira kale ntchito zaka zisanu kwina, atha miyezi m'kontena, kenaka abwera mu ofesi momwe magetsi amazimazima ndipo mlonda amazimitsa soketi zonse madzulo. Kabatire kotere sikachedwa kutha.

Palinso vuto lina la nthawi limene limabisala bwino kwambiri. Woika Windows akafulumira, amasiya dera la nthawi lili la kugombe la kumadzulo kwa America, kenaka n'kukonza wotchi pamanja kuti ifanane ndi ya padzanja lake. Pasikirini nthawi imaoneka yolondola, koma kwa seva kompyutayo yasiyana ndi anzake maola 9 kapena 10. KMS imalola kusiyana kwa maola 4 okha. Kupitirira apo imakana ndi 0xC004F06C. Dera lathu pa mndandanda wa Windows ndi lija lolembedwa Harare, Pretoria, la UTC+02:00. Musankhe limenelo kaye, wotchi muikonze pambuyo.

M'maofesi amene alidi ndi KMS, monga mabanki, masukulu aukachenjede ndi mabungwe akuluakulu, madandaulo ambiri amakhala a njira. Kompyuta imapeza seva yake pofunsa DNS dzina lakuti _vlmcs._tcp, kenaka imagogoda pa poti 1688. Dzinalo likasowa mumaona 0x8007232B. Seva ikapezeka koma osayankha, kaya yazima, kaya firewall yatsopano yatseka potiyo, mumaona 0xC004F074. Wa IT amayesa dzinalo ndi nslookup, amayesa potiyo ndi Test-NetConnection, ndipo ngati kompyutayo inalozeredwa pamanja ku seva yakale imene inachotsedwa, slmgr /ckms imafufuta dzina lakalelo kuti iyambenso kufunafuna yokha. Amene amavutika kwambiri ndi a kunthambi. Laputopu ya mlangizi amene amakhala ku Chitipa kapena ku Nsanje, amene amagwiritsa ntchito intaneti ya pafoni ndipo sabwera kulikulu miyezi 7, siionana ndi seva ngakhale kamodzi. Intaneti ili nayo, koma seva ya ofesi siili pa intaneti ya aliyense. Ayenera kulowa pa VPN ya ofesi mwa apo ndi apo, apo ayi makompyuta a kumunda apatsidwe MAK, imene imatsimikizira kamodzi n'kuiwalako.

KMS ilinso ndi khalidwe lake lina: siyamba kuvomereza Windows ya pa madesiki mpaka itaona makompyuta 25 osiyanasiyana m'masiku 30 apitawo. Pa maseva ndi pa Office imafuna 5. Ofesi ikachepetsa antchito, kapena anthu akapita ku tchuthi cha Khirisimasi, chiwerengero chimatsika ndipo amene atsala amayamba kuona 0xC004F038. Chodabwitsa n'chakuti nambala yomweyi imatuluka ngakhale mu labu ya makompyuta 40. Wa IT amakonza kompyuta imodzi bwinobwino, n'kukopera disiki yake pa ena onse osayendetsa sysprep, kapulogalamu kamene kamapatsa kompyuta iliyonse chizindikiro chakechake. Seva ikayang'ana imaona kompyuta imodzi yomweyo ikubwera ka 40. Kuyambira pa Windows 8 pali njira ina yodzera mu Active Directory imene siwerenga mitu, ndipo kwa ofesi imene ili ndi domain kale, imeneyo ndi yosavuta kuisamala.

Bodi ikasinthidwa

Kuonjezera RAM kapena kusintha disiki sikusokoneza laisensi kawirikawiri. Bodi ndiyo nkhani. Mphezi ikaomba kapena magetsi akabwera ndi mphamvu n'kuotcha bodi, wokonza amaikamo ina, ndipo kwa Microsoft imeneyo ndi kompyuta yatsopano. Manambala ake ndi 0xC004F211, 0xC004F213 kapena 0x803F7001. Kuyambira mu 2016 pa Settings pali Troubleshoot, pomwe mungauze Windows kuti mwasintha chipangizo posachedwa, koma imathandiza ngati laisensiyo inalumikizidwa kale ku akaunti ya Microsoft. M'maofesi ambiri akauntiyo imakhala ya munthu, ya mlembi amene anasiya ntchito zaka ziwiri zapitazo, ndipo pasiwedi anapita nayo. Laisensi ya ofesi iyenera kukhala pa akaunti ya ofesi. N'zachidziwikire, koma pitani mukafunse.

Pali gulu lina la makompyuta limene lili pa ngozi yapadera. Windows 10 itatuluka pa 29 July 2015, eni Windows 7 ndi 8 analoledwa kukwera kwaulere kwa chaka chimodzi. Chakacho chitatha, khomo linakhalabe lotsegula mwakachetechete, ndipo amisiri ankagwiritsabe ntchito makiyi a pa masitika akale aja. Mu September 2023 Microsoft inatsekadi. Kompyuta imene inakwera kale ikadali bwino, koma kiyi ya Windows 7 kapena 8 singatsimikizirenso Windows 10 kapena 11 pa bodi yatsopano. Mmisiri amene akukuuzani kuti "kasitikako kalipo, musadandaule" akukamba za dzana.

Za mitundu ndingodutsapo: kiyi ya Home sitsegula Pro, ya Pro sitsegula Enterprise. Malaputopu ambiri a m'masitolo amabwera ndi Home, imene singalowe mu domain ya ofesi, ndiye wina amaikapo Pro n'kumadabwa kuti yakana. Onani mzere woyamba wa slmgr /dlv, muyerekeze ndi zimene munagula.

Nthawi zinanso olakwa amakhala eni ake. Mu August 2007 maseva a Microsoft anasokonezeka n'kuyamba kunena makompyuta a laisensi yeniyeni kuti ndi akuba. Mu November 2018 anthu a Windows 10 Pro anadzuka n'kuuzidwa kuti laisensi yawo ndi ya Home. Mu January 2019 makompyuta a Windows 7 a m'makampani anayamba kulemba kuti si enieni, chifukwa cha kusintha kumene kunachitika ku maseva omwewo. Maulendo onsewa vuto linakonzedwa komweko, ndipo amene anafomata anataya nthawi pachabe. Makompyuta onse akadandaula m'mawa umodzi pomwe inu simunakhudze kanthu, yambani mwafunsa anzanu a maofesi ena.

Ndipo palibe chothamangira. Windows 10 ndi 11 zikakhala zosatsimikizira sizifufuta mafayilo, sizitseka kompyuta, ndipo Windows 11 imalandirabe zokonza za chitetezo. Zimangoika kalembo kaja n'kukuletsani kusintha chithunzi cha pasikirini ndi mitundu. Imene imalanga ndi Enterprise Evaluation, yoyesera ya masiku 90, imene ikatha imazimitsa kompyuta ola lililonse. Ena amaikopera pa intaneti poganiza kuti apeza yaulere. Office ndiyo imaluma msanga, chifukwa imakulolani kuwerenga koma osalemba. Dziwaninso kuti laisensi ya Office ndi ina, ya Windows ndi ina. Kukonza imodzi sikukonza inzake.

Kapulogalamu ka pa fulashi

Tisanamizane, kapulogalamuka kafala chifukwa kamagwira ntchito ndipo n'kaulere, pomwe Windows 11 Pro yogula payokha ili pa madola pafupifupi 200, m'dziko limene ndalama zakunja n'zosowa. Bwana akamva mtengowo n'kuuchulukitsa ndi makompyuta 15, amangoti, "Achimwene, tangopangani zija mumapanga zija."

Zimene amapangazo n'zotere. Mapulogalamu ngati KMSpico amanamiza Windows kuti pa kompyuta pomwepo pali seva ya KMS, kapena amailozera ku seva ya munthu wosadziwika pa intaneti. Kuti zitheke, woikayo amazimitsa antivirus ndi manja ake, n'kupatsa kapulogalamuko mphamvu zonse pa kompyutayo. Akuba a pa intaneti amadziwa zimenezi bwino lomwe. Mu December 2021 kampani ya zachitetezo ya Red Canary inafotokoza mmene makope abodza a KMSpico ankalowetsera CryptBot, pulogalamu yoba mapasiwedi osungidwa m'mabulawuza ndi ndalama za crypto. Kumayambiriro kwa 2025 kampani ina, EclecticIQ, inaulula kuti gulu la Sandworm, la azondi a asilikali a Russia, linkagwiritsa ntchito mapulogalamu omwewa polowa m'makompyuta a ku Ukraine. Choipa n'chakuti makope oterewa amachotsadi kalembo kaja, moti aliyense amasangalala. Tsono kumbukirani kuti kompyuta imene yathandizidwa chonchi ndi ya wa maakaunti, momwe mumalowera kubanki, momwe muli malipiro ndi manambala a ziphaso za antchito onse.

Lamulo nalo lilipo. Lamulo la Malawi loteteza umwini wa ntchito zaluso, la 2016, limatetezanso mapulogalamu a pakompyuta, ndipo lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 limapatsa ofesi udindo wosamala zimene imasunga za makasitomala ndi antchito ake. Ofesi imene inazimitsa yokha chitetezo kuti ipewe kulipira idzasowa chonena zinthu zikadzabedwa.

Makiyi otsika mtengo a pa intaneti, a madola asanu aja, ndi msampha wofatsa chabe. Ambiri amakhala a MAK obedwa ku kampani ina, kapena kiyi imodzi yogulitsidwa kwa anthu ambirimbiri. Lero itsegula, koma tsiku lodzaikanso Windows mudzakumana ndi 0xC004C003, kutanthauza kuti eni ake anaitseka, kapena 0xC004C008 ndi 0xC004C020, kutanthauza kuti inagwiritsidwa ntchito mopitirira malire. Wogulitsayo adzakhala atasintha dzina.

Njira zachilungamo zotsikirako mtengo zilipo, ngakhale sizikoma kumva. Laisensi yobwera ndi kompyuta ndiyo yotchipa kuposa zonse, choncho kugula laputopu yopanda Windows pofuna kupulumutsa pang'ono ndi kudzikumbira dzenje. Ambiri sadziwanso kuti Windows yogula mwa chipiku ndi yokwezera chabe: imafuna kuti kompyutayo ikhale kale ndi laisensi yoyenera pansi pake, moti mgwirizano wa bungwe lanu ndi Microsoft suphimba kompyuta imene inabwera yopanda kanthu. Pa a kaunjika, Microsoft ili ndi ndondomeko ya makampani ovomerezeka okonzanso makompyuta akale, amene amaikamo laisensi yatsopano yeniyeni. Funsani wogulitsa ngati katundu wake anadzera kumeneko. Mabungwe osachita malonda ndi masukulu ali ndi mitengo yawo yotsika, akalembetsa. Ndipo kompyuta ya pa resepishoni imene ntchito yake ndi kulemba makalata, kusindikiza ndi kutsegula imelo ingayende bwinobwino pa Ubuntu ndi LibreOffice, zaulere mwalamulo, zopanda chotsimikizira. Sindikunena kuti wa maakaunti asiye Excel. Ndikunena kuti si desiki iliyonse imene imafuna madola 200.

Nkhaniyi yakula chifukwa cha tsiku limodzi: pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Laisensi sinathe tsiku limenelo, ndipo amene akukuuzani kuti kalembo ka pakona kabwera chifukwa cha zimenezo akusakaniza nkhani ziwiri. Chimene chinatha kwa makampani ndi zokonza za chitetezo zaulere. Makampani ofuna kupitiriza kuzilandira amalipira madola 61 pa kompyuta chaka choyamba, mtengowo n'kumawirikiza kawiri chaka chilichonse mpaka zaka zitatu, ndipo sangalowe m'ndondomekoyi ngati Windows yawo ili yosatsimikizira. Windows 11 nayo imafuna TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, pa Intel kuyambira m'badwo wa 8. Makompyuta amene maofesi a ku Ulaya ndi ku America akuwachotsa chifukwa cha malamulo amenewa sakupita kudzala onse. Ambiri akwera zombo, ndipo tikumana nawo m'mashopu a ku Limbe, ku Old Town ndi ku Mzuzu, opukutidwa bwino, Windows 11 itakakamizidwamo.

Ndiye mawu anga akupita kwa amene amasaina mapepala ogulira katundu, chifukwa wa IT amangolandira zimene inu mwavomereza. Pa kotesheni palembedwe mtundu wa Windows ndi mtundu wa laisensi, osati mawu oti ndi yoikamo kale. Invoisi isungidwe pamodzi ndi nambala ya kompyuta iliyonse, ndipo pakhale buku limodzi, ngakhale la hadikava, lonena kompyuta iti ili ndi laisensi iti, pa akaunti iti. Tsiku lolandira katundu, sapulaya akadali chiimire, yatsani kompyuta iliyonse, lembani slmgr /dlv, muwerenge mzere wachiwiri. Mukaona OEM kapena RETAIL, lembaninso slmgr /xpr muone ngati ikunena kuti n'chamuyaya. Mukaona VOLUME_KMSCLIENT kapena VOLUME_MAK pomwe ofesi yanu ilibe mgwirizano wa chipiku ndi Microsoft, musasaine delivale noti, katunduyo abwerere naye.